Mashafiti Aatali Amapita Kutsogolo

Loweruka lonse amuna anga, a Tsuneo, anali pa tebulo lodyera akulimbana ndi kagalimoto kawo koyendera rimoti. Kanali katathyoka mashafiti, tizitsulo timene timachokera ku magiya n'kumazunguza matayala. Kagalimotoko kamakoka ndi matayala onse anayi, ndiye anagula mashafiti anayi atsopano. Kale ntchito imeneyi ankaimaliza tiyi asanazizire. Koma chiwagwirireni sitiroko chaka chatha, dzanja lamanja limangonjenjemera.

Kunena zoona, kagalimotoko ine kananditopetsa kalekale. Zaka makumi atatu ndikutola tizitsulo pamphasa, girisi akununkha pamene timadyera. Koma ndinkadziwanso kuti popanda iko munthuyu satuluka m'nyumba. Atachoka kuchipatala anakhala miyezi inayi akungoyang'ana khoma, mpaka a Unno, mnzawo wa ku kalabu ya tigalimoto timeneti, anadzawakokera ku bwalo lawo la mipikisano pansi pa mlatho wa mtsinje wa Abe.

Ku kalabuko kuli lamulo losalembedwa: galimoto ya mnzako sugwira. Aliyense amakonza yake ndi manja ake. Amene manja amukana amaipukuta bwinobwino, n'kuipereka kwa wina, n'kutsanzika. Madala amakani okhaokha. A Tsuneo anali atanena kale kuti mashafitiwo akawakanika pofika Lamlungu, nawonso akapereka.

Kaphini komangira shafiti n'kochepa ngati njere ya mpunga. Kanagwa kasanu ndi kawiri, ndipo wogwada kukafunafuna pansi pa furiji ndinali ine, maondo akulira. Dzuwa litapendeka anaika zida pansi n'kupita kukagona.

Ine ndinasoka zovala za anthu zaka makumi anayi. Kaphini n'chiyani kwa munthu wozolowera kaboo ka singano? Ndinavala magalasi, ndinamanga onse anayi, ndinabwezera matayala ndi chivundikiro. Atadzuka anaima n'kumakayang'ana kagalimotoko. Ndinawauza kuti mwina anamaliza asanagone, angoiwala. Chivundikirocho sanachichotse. Anangopempha tiyi.

Lamlungu kumtsinje kunali mphepo. Ndinakhala pa benchi ndi mpunga wathu wamasana, mtima uli m'mwamba. Kagalimotoko kananyamuka bwino ndithu, koma pa kona yoyamba, matayala akutsogolo atangopindika, shafiti inasoloka. Kanazungulira kamodzi n'kukaima pa mpanda. Palibe amene anakagwira. A Tsuneo anatsika okha pa nsanja imene oyendetsa amaimapo, akukoka mwendo, anzawo onse akudikira. Ndinamva manyazi ndi chisoni moti mpungawo ndikanautaya mumtsinje.

A Unno anasuzumira, manja ali kumbuyo.

"Akulu, mwaika mashafiti akumbuyo kutsogolo? Inuyo, amene munatiphunzitsa tonsefe?"

"Maso, a Unno. Ndakalamba."

"Maso okha? Ndiye bola. Kulakwitsa si mlandu kuno. Mukagule magalasi, tionane Lamlungu."

Anzawo anaseka mopepukidwa. A Unno anayang'ana kumene ndinakhala, anaweramitsa mutu pang'ono, n'kubwerera ku galimoto yawo.

Pobwerera ndinkayendetsa ndine, monga mwa masiku onse tsopano. Ndinkadikira kukalipiridwa, ndipo mayankho anga ndinali nditawakonza kale, a zaka makumi atatu. Titaima pakhomo, anatsegula dzanja langa n'kuikamo mashafiti awiri, imodzi yaitali pang'ono kuposa inzake.

"Aatali amapita kutsogolo, mayi. Loweruka mukhale pafupi nane. Ine ndizinena, inu muzimanga."

Zaka zonsezi anali asanandipemphepo kanthu pa tebulo limenelo, kupatula tiyi. Ndinawauza kuti Loweruka ndili ndi zochapa zambiri. Kenako ndinafunsa kuti girisi uja amasunga pati.