Juzi pa Tsiku la Mayeso

Mwana wanga wamkazi amaphunzira ntchito ya pa ambulansi. Anandipempha kuti ndikakhale wodwala wongoyerekezera pa mayeso ake omaliza, chifukwa amene anakonzekera zimenezo anadwala zenizeni.

"Ababa, muvale zakale," anatero.

Ndinavala juzi imene amayi ake anandilukira asanamwalire. Ndiyo yakale kuposa zonse, komanso kunkazizira.

Mayesowo anachitikira m'galaja ya ozimitsa moto. Mphunzitsi wawo, mayi wamfupi wa mawu akuluakulu, anandigoneka pasimenti n'kundiwaza choko chopera pachifuwa ndi m'mapewa.

"Awa tinene kuti ndi mankhwala ophera tizilombo, thumba lakuphulikirani. Achikulire, buulani pang'ono."

"Sindibuula."

"Chabwino, mukhale wodwala wamakani. Amenewonso timawanyamula."

Mwana wanga anabwera atavala magolovesi ndi chotchinga kumaso. Anagwada n'kutulutsa sizasi. Ataiona juziyo, manja ake anaima. Anabweza sizasi m'thumba, n'kugwira m'munsi mwa juzi kuti andivule chodzera kumutu.

Mphunzitsi anakweza cholembera. Ine ndinali nditamumva mwanayu akuloweza kukhitchini: chovala chimene chagwera mankhwala sichidutsa kumaso, chimadulidwa, kuopa kuti mankhwalawo angalowe m'maso ndi m'kamwa. Akanalakwitsa pamenepa, akanabwereza chaka.

Ndinamugwira dzanja.

"Dula."

"Ababa, ndi ya amayi iyi."

"Ndikudziwa. Dula."

"Wodwala salangiza," anatero mphunzitsi, koma sanalembe kanthu.

Mwana wanga anayambira pakhosi. Amayi ake ankaluka mothina, moti sizasi inkavutika. Atafika kumunsi anapindira mbali ziwirizo kunja kuti choko chisandikhudze khungu, anadulanso manja a juziyo, n'kuika zonse m'thumba la pulasitiki ndi kumanga. Kenako anandikhazika pansi pa paipi. Madzi anali ozizira koopsa. Anandipendeketsa mutu kuti asatsikire m'maso, n'kutsuka nthawi yaitali mpaka mphunzitsi anati zakwana.

Anandifunditsa bulangete n'kuyamba kundipukuta. Chotchinga chake chinali chitachita nthunzi mkati, maso ake osaoneka bwino.

"Mukupuma bwinobwino, bambo?" anafunsa ndi mawu a kuntchito, ngati sitidziwana.

"Ndikupuma."

"Wakhoza," anatero mphunzitsi. "Wotsatira abwere. Iwe, wodwala wako wauma kalekale, musiye."

Sanandisiye. Anapitiriza kundipukuta kumsana, pang'onopang'ono.