Nyemba Zonunkha Sopo

Chaka chimenecho mvula inaiwala njira ya ku Kent, dera lina la kutsidya kwa nyanja. Kapinga yense mumsewu wa Mayi Ashdown anali atapsa, ndipo kampani ya madzi inaletsa kuthirira ndi paipi. Keni yokha ndiyo inali yololedwa. Koma keni yodzaza imafuna chiuno, ndipo chiuno cha Mayi Ashdown chinali chitangochoka kumene pa mpeni wa adokotala.

Kapingayo analibe naye ntchito, afe ndithu. Chinkawadya mtima ndi nyemba zoyanga za malemu amuna awo, Norman. Mbewu yake Norman ankasankha yekha chaka ndi chaka n'kusunga m'chitini cha mabisiketi, ndipo ulendo uno mayiwo anadzala yonse, osasiyako ngakhale njere imodzi. Zikanafa zisanakhwime, mtunduwo ukanathera pomwepo.

Paipi inali pakhoma pomwepo, yokulungidwa bwinobwino. Kungoti kuseri kwa mpanda wa zitsamba kunkakhala a Tapsell, mkulu wopuma pantchito amene katani yake sinkatopa kugwedezeka. Awiriwa anayambana kalekale chifukwa cha mpata umene galu wa Norman anaboola pampandapo, ndipo kuyambira pamenepo macheza awo anali a za nyengo basi. Mayi Ashdown sankakayika: kungotsegula paipi, mkuluyu foni ili kukhutu, chindapusa chili pakhomo.

Choncho ankathirira ndi tipoti. Ee, tipoti yeniyeni ya tiyi, ndodo kudzanja lina, ulendo ndi ulendo mpaka chiuno chitakana. Madziwo ankangonyowetsa fumbi. Masamba anayamba kugwa nkhope, maluwa ake ofiira n'kumayoyoka.

Kenaka nyemba zinadzuka zokha. M'mawa uliwonse dothi linkakhala lonyowa, masamba ali chilili. Mayi Ashdown, m'malo mosangalala, anagwidwa ndi mantha. Pachilala chotere, dimba lobiriwira ndi mlandu.

"Kwatentha lero, Mayi Ashdown," anatero a Tapsell tsiku lina, mutu wokha ukuoneka pamwamba pa mpanda.

"Kwatenthadi."

"Koma nyemba zanu zikuoneka zosadandaula."

"Ndi tipoti yokha, Bambo Tapsell. Paipi sindinaikhudze."

"Tipoti yamphamvu," anatero mkuluyo, mutu uja n'kumira.

Mayiwo analowa m'nyumba ali ndi ukali. Kazitape wachabechabe! Madzulo ake, pothyola zitheba zoyamba, anawerama monga mmene chiuno chinalolera ndipo anaona kathovu kouma patsinde. Ananunkhiza. Sopo, ndipo osati sopo wamba: uja wonunkha phula, amene mumsewu wonse ankasambira munthu mmodzi yekha. Aliyense amene anaimapo kumbuyo kwa a Tapsell pamzere wa ku positi ankalidziwa fungolo.

Kutacha, katani imene inagwedezeka inali ya Mayi Ashdown. Anaona a Tapsell atavala chovala chogonera ndi nsapato za mphira, ndowa ziwiri m'manja, akudzipanikiza pa mpata wa galu uja. Anali madzi a m'bafa lawo, otsika nawo masitepe kuchokera m'chipinda cham'mwamba, pa msinkhu wawowo. Anathira patsinde lililonse mosamala, n'kuima kaye kugwira msana, n'kubwerera kukatenga ena.

Apa m'pamene mayiwo anayang'ana bwino dimba la mkuluyo. Maluwa awo aakuluakulu aja, amene chaka chilichonse ankatenga mphoto kuchionetsero cha kutchalitchi, anali atauma gwa. Bafa limodzi silikanakwanira madimba awiri. Mayi Ashdown anakhala pampando wa kukhitchini n'kulira, manyazi ndi kuthokoza zitasakanikirana, mpaka tiyi anazizira.

Kuthokoza anakusunga kaye. Mkulu ngati ameneyu ukamuthokoza pamaso ntchito ili mkati, amafiira makutu n'kusiya. Anangoleka kutsegula katani m'mamawa, ndipo akakumana ankadandaula za kutentha monga mwa masiku onse.

Mvula inabwera mochedwa, makoko atauma kale. Mayi Ashdown anamenya nyemba zija, chitini cha Norman chinadzaza mpaka chivundikiro kukana. Anagawa pakati, theka n'kuika m'mbale, napita kumpanda.

"Yagwa tsopano," anatero a Tapsell, akuyang'ana kumwamba.

"Yagwadi. Koma maluwa anu afa."

"Maluwa amagulidwa, mayi." Anatsokomola. "Nyemba za Norman sizipezeka m'sitolo."

Mayi Ashdown anadutsitsa mbale ija pa mpata wa galu.

"Zikomo, Clive," anatero, koyamba kuwatchula dzina chiyambanirane. "Mwandisungira mwamuna wanga m'dimbamu. Koma chaka chamawa musinthe sopo, zitheba zonse zimamveka inu."

Makutu a mkuluyo anafiira. Analandira mbaleyo ndi manja awiri.