Jombo Zofunda

"Vula msanga iwe, oyimbira akuyang'ana kuno," adatero akochi.

Mnyamata wotuluka m'bwalo adakhala pansi n'kuyamba kumasula zingwe ndi mano, pamene wolowa m'malo mwake ankadumphadumpha ndi masokosi okha. Ochemerera timu inayo adaseka mpaka kugwira nthiti. Pa benchi, Mapazi sadaseke. Adangoyang'ana jombo zija zikuchoka kuphazi ili kupita kuphazi lina, nameza malovu.

Timu yawo inali ndi jombo za anthu khumi ndi mmodzi basi. Mwini sitolo ya zitsulo amene ankaithandiza adasiya chaka chatha, ndipo zimene zinkatoleredwa pachipata zinali zongokwanira kulipira oyimbira ndi kugula laimu wa mizere. Amsungichuma, mayi wosoka zovala pafupi ndi bwalolo, adauza komiti kuti isankhe: mafuta a lole yopitira kumasewero akutali, kapena jombo za anyamata a pa benchi.

"Timu yosafika pabwalo amaichotsa mu ligi," adatero. "Timu yobwerekana jombo amangoiseka. Kusekedwa kudaphapo ndani?"

Kuyambira pamenepo akochi sankasintha osewera poyang'ana luso lokha. Ankayang'ana kaye phazi. Ndipo Mapazi, monga dzinalo, adabadwa ndi mapazi onga mabwato. M'timu yonse jombo zomukwana zinali za munthu mmodzi: Chitseko, kaputeni, wotchinga kumbuyo amene imvi zinali zitayamba kumuonekera m'ndevu. Chitseko sankatuluka m'bwalo. Sankadwala, sankavulala, ngakhale chimfine chinkamulambalala.

Panalinso lamulo lina la amsungichuma. Kandalama kochepa kamene osewera ankalandira, kamene onse ankakatcha ka sopo, kankatsata jombo. Wovala jombo pamene kherere womaliza walira ndiye ankalandira. Wovula ankapita kwawo ndi thukuta lokha.

Masewero atatha tsiku limenelo, Mapazi adadutsa dala pamene mwana wa amsungichuma ankagulitsa malalanje. Mtsikanayo ankasenda lalanje osadula khungu, likutsika ngati mkanda, ndipo Mapazi akamayang'ana manja akewo ankaiwala zimene adakonza zoti anene.

"Mwaswera bwanji, a benchi?" adafunsa mtsikanayo. "Lero mwaifunditsa bwino?"

"Tsiku lina udzaona. Ndidzamwetsa chigoli n'kuthamangira pano pomwe."

"Mudzathamange bwino, mungadzandipondere malalanje ndi mabwato anuwo."

Adaseka, koma posekapo adamuyang'ana nthawi yaitali kuposa m'mene amayang'anira ogula. Mapazi adayenda njira yonse akuona chigoli chija m'maganizo: mpira ukulowa pakona, ukonde ukugwedezeka, malalanje akugubuduka m'fumbi.

Kunyumba adapeza bambo ake akuwongola sipoko za njinga.

"Amalume ako atumanso uthenga," adatero osadzutsa mutu. "Akufuna munthu wowathandiza kumata matayala. Sukulu udamaliza, chaka chatha ukunena za mpira, koma kabudula wako amabwera woyera ngati wa ku ukwati. Loweruka ndi masewero omaliza, eti? Ndibwera. Ndikakuona pa benchi, Lolemba ukwera basi."

"Ababa, vuto ndi jombo."

"Kwa amalume ako amagwira ntchito ndi patapata. Kulibe vuto limenelo."

Lachisanu masana Mapazi adapita kwa Chitseko. Mawu adawakonza m'njira, ndipo anali mawu olimba: achimwene, mwasewera zaka zambiri, tipatseniko mpata anzanu. M'mtima mwake adali atamufunirapo Chitseko ngakhale kabondo kotupa, kosaopsa, ka sabata imodzi.

Adapeza Chitseko ali chogwada kuseri kwa nyumba, akuchapa matewera m'beseni. Mkazi wake adakhala pakhomo akuyamwitsa khanda. Sopo amene Chitseko ankachapira anali kachidutswa kopyapyala ngati tsamba, ndipo kakamupulumuka ankakafufuza m'madzimo ndi manja onse awiri.

"Mphwanga, wabwera nthawi yabwino. Gwira uku tifinye," adatero Chitseko.

Adafinya. Adayanika. Mapazi adaona jombo zija zili pawindo, zitapakidwa mafuta, chala chakumanzere chitasokedwa ndi waya wopyapyala.

"Unali ndi mawu?"

"Ayi, achimwene. Ndimangodutsa."

"Njira yakwanu idayamba liti kudutsa kuseri kwa nyumba yanga?"

"Alamu angawa akudwala matenda a malalanje," adatero mkazi uja, ndipo onse adaseka. Mapazi adasekanso, natsanzika. Pobwerera adayenda pang'onopang'ono, akudziuza kuti matayala nawonso ndi ozungulira.

Loweruka anthu adadzaza bwalo, ena m'mitengo, ena padenga la lole. Timu inkafunika kungopewa kugonja kuti isatsike mu ligi. Bambo a Mapazi adaima pafupi ndi chipata atagwira njinga yawo, ngati munthu amene sakhalitsa. Chigawo choyamba chidatha popanda chigoli. Popuma, amsungichuma adabweretsa ndowa ya madzi, nanong'oneza Chitseko kanthu kena akuloza kuchipata ndi mlomo. Mwana wawo adali kumbuyo kwawo, maso ali pansi, akusenda lalanje limene palibe adaliitanitsa.

Chigawo chachiwiri chili pakati, mpira utatuluka kunja, Chitseko adakhala pansi. Panalibe amene adamugunda. Adangokhala, nagwira bondo, kenako nakweza dzanja.

"Chitseko chaguluka!" adakuwa wina mumtengo.

Adatuluka akutsimphina, nafika pa benchi, nayamba kumasula zingwe.

"Bondo liti?" adafunsa akochi.

"Ili."

"M'bwalomo unagwira linalo."

"Ululu ukuyendayenda, akochi. Ukalamba."

Adakankhira jombo zija kwa Mapazi. Mnyamatayo adazigwira, namuyang'ana.

"Achimwene, nanga ka sopo?"

"Vala, iwe. Matewera ndi nkhani ya ine ndi alamu ako. Chakumanzerecho usamenyere chala, wayayo amaluma."

Mapazi adalowetsa phazi. Jombozo zinali zofunda, zonyowa ndi thukuta la munthu wina, ndipo m'kati mwake munali timaenje ta zala za Chitseko. Zala zake zidakhala m'timaenjemo ngati kwawo.

"Ndipite kutsogolo, akochi?"

"Kutsogolo kwa ndani? Jombo zimenezo zimadziwa kumbuyo kokha. Walira mvula walira matope. Thamanga."

Chigoli cha m'maloto chija sichidabwere. Mapazi sadafike n'komwe pakati pa bwalo. Adagundidwa chigongono m'nthiti, adagwa kawiri, adamenya mpira wina n'kukagwera padenga la lole. Nthawi yonseyi ankamva mawu amodzi okha kuchokera pa benchi: "Kumanzere, mphwanga! Usamuthamangire, mudikire! Dekha!" Ndipo iye, amene moyo wake wonse sadadziwe kudikira, adadikira. Chakumapeto goloboyi wawo adatuluka molakwika, mpira udamudutsa n'kumagubuduka kulowera kugolo kopanda munthu. Mapazi adadziponya chotsetsereka. Phazi la munthu wamba likadaperewera. Lake lidaukhudza ndi nsonga ya waya uja, mpira n'kutuluka kunja.

Kherere atalira popanda chigoli, anthu adathamangira m'bwalo. Mapazi adafunafuna ndi maso mpaka adawapeza bambo ake. Iwo adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kukabudula amene tsopano anali wofiira ndi dothi.

"Ameneyo ukachapa wekha," adatero. Adakwera njinga, napalasa kawiri, naima. "Amalume ako ndiwauza kuti matayala sathawa."

Amsungichuma adagawa ka sopo poyang'ana kumapazi kwa osewera, monga mwa lamulo lawo. Atafika pa Chitseko, amene adaima ndi masokosi obooka, adamudumpha. Mapazi adayesa kumupatsira kake m'manja, koma Chitseko adabisa manja kumbuyo.

"Lamulo ndi lamulo. Ukandipatsa ndiye kuti ndakugulitsa malo, ndipo ine sindigulitsa."

M'mawa mwake Mapazi adatsuka jombo zija ndi mswachi wakale, naziumika padzuwa. Kenako adapita kugolosale. Potuluka adakumana ndi mtsikana wa malalanje, beseni lili pamutu.

"A benchi, mwanyamula chiyani?"

"Dzina limenelo lidatha dzulo."

"Chigoli changa chija sindidachione."

"Chikubwera. Koma ndani adauza mayi ako za ababa?"

"Malalanje ali ndi makutu," adatero mtsikanayo, nayamba kuyenda pambali pake, ngakhale kuti msika unali mbali inayo.

Kwa Chitseko adapeza mkazi wake yekha, mwini wake atapita kukasenza matumba kudepoti, bondo lili bwinobwino. Mapazi adapereka jombozo ndi manja awiri.

"Zalemera bwanji lero?" adafunsa mkaziyo. Adapisa dzanja m'jombo yakumanja, natulutsa mtanda wa sopo. Adapisa yakumanzere, natulutsa wina.

"Alamu, mukudziwa kuti akakalipa."

"Muwauze kuti si ine," adatero Mapazi. "Sopo amatsata jombo. Lamulo ndi lamulo."