Chipinda cha Pamzere Wofiira

Kalipentala anali atakumba kale maziko a chipinda cha amayi ake kuseri kwa nyumba pamene kalata ya khonsolo inafika. Inati mzinda tsopano uli ndi polekezera, ndipo kunja kwa mzere wofiira palibe wololedwa kumanga. Amayiwo, miyendo itawakana, ankagona pabalaza pakati pa mipando yosatha kukhoma. Mvula nayo inali pafupi.

M'mawa mwake kalipentala analawirira ku ofesi ya mapulani. Kalaliki anayala mapu patebulo nayendetsa chala.

"Nyumba yanu ili mkati, bambo. Chimbudzi chili kunja."

"Chimbudzi ndinamanga kalekale, mayi. Ndikufunsa za chipinda."

Kalaliki anavala magalasi, anawavulanso, kenaka anaitana woyeza malo. Uyu anabwera ndi rula, anayeza kawiri, nadzikanda m'mutu.

"Amene anajambula mzerewu anagwira cholembera chonenepa," anatero woyeza malo. "Papepala ndi kamzere chabe, koma pansi m'lifupi mwake ndi mamita awiri. Maziko anu ali pansi pa inki."

"Ndiye ndili mkati kapena kunja?"

"Muli pamzere."

"Nanga lamulo likuti chiyani za anthu a pamzere?"

"Silinawaganizire."

Mutu wa kalipentala unaima. Pa ntchito yake, mzere wa pensulo umapita ndi utuchi, ndipo palibe anafunsapo kuti ndi wa thabwa liti.

"Chilolezo sitingakupatseni, poti simuli mkati," anatero kalaliki. "Kugwetsa sitingagwetse, poti simuli kunja."

"Zimene mwanenazo mundilembere."

Awiriwo anayang'anana. Woyeza malo analemba, kalaliki anadinda.

Atafika kunyumba, kalipentala anayeza maziko aja, napeza kuti mbali ina yatulukira kunja kwa mzerewo ndi phazi limodzi. Anaikwirira n'kukumbanso.

"Bambo a kuno, n'chipinda chimenechi kapena kabati?" anafunsa mkazi wake.

"Bedi likwana."

Linakwanadi, atalichekako pang'ono kumiyendo. Zenera analisiya losatseguka, kuopa kuti lingasuzumire kunja kwa mzinda.

Mvula yoyamba inapeza amayi ali m'chipinda chawo.

"Mwananga," anafunsa akukoka bulangete, "pano ndagona m'tauni kapena kuthengo?"

Kalipentala anayang'ana pepala lodindidwa lija, limene analikhomera kuseri kwa chitseko. Analiwerenganso mpaka pansi.

"Sindikudziwa, amayi. Kukudontha?"

"Ayi."

"Basi gonani."