Mathalauza a Lasitiki

Lachiwiri pa 4 Malichi, telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu anakomoka pa makina ake. M'manja mwake munali thalauza la bambo ake, lamba ali momwemo.

Thalauzalo anabwera nalo ndi mchimwene wake kuti alichepetse m'chiuno. Bambo awo anadwala sitiroko mu Januwale, anaonda, dzanja lamanja n'kufa. Abale anakhala pansi, telalayo palibe, n'kugwirizana mwachikondi kuti nkhalambayo ikakhale kwa telalayo, poti ana aakazi ndi amene amabadwa ndi chifundo. Galimoto yowabweretsa inapanganidwa kuti idzafike Loweruka.

Kuchipatala anamuyeza magazi, shuga ndi mtima. Zonse zinali bwino. Madokotala akhala akumuuza zimenezi kuyambira ali mtsikana: m'mimba mopotokola muli bwino, nsagwada zimene amadzuka zitalumana zili bwino. Dokotala atafunsa ngati ali ndi nkhawa, iye anati ayi, n'kupepesa powatayitsa nthawi. Kupepesa anakudziwa asanadziwe kuwerenga.

Lachitatu masana mchimwene uja anafika kunyumba kudzazonda wodwala, atanyamula thalauza lija.

"Chemwali, mwatichititsa manyazi," anatero. "Thalauza lokha mpaka kuchipatala?"

"Ndi lamba uja, achimwene."

"Lamba! Tonse anatilera ndi lamba yemweyo. Ine ndinafa? Tandionani."

Mwamuna wa telala, dalaivala wa basi, anamuonadi mlamu wakeyo: mabanja atatu otha, mapiritsi a zilonda zam'mimba m'thumba la shati, ndi mpando umene anaukokera pakona kuti asafulatire chitseko. Munthu wathanzi ndithu.

Dalaivalayu chikwatirireni sanavalepo lamba. Mkazi wake anamuikira lasitiki m'mathalauza onse, ndi suti yaukwati yomwe, moti kuntchito amamutchula kuti Wakumkaka, ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Iye ankayesa ndi fasho ya matelala. Anazoloweranso kutsokomola asanalowe kukhitchini, ndi kusamugwira paphewa mkaziyo kuchokera kumbuyo. Chaka china anafika polongedza chikwama, poganiza kuti mkazi amene amauma ngati thabwa ukamukumbatira ndiye kuti ali ndi wina.

"Alamu," anafunsa dalaivalayo, "lambayu ankagwira ntchito kangati?"

"Monga bambo aliyense amachitira."

"Tsiku lililonse akaweruka," anatero telala, maso ali pansi. "Kuyambira ndili ndi zaka zisanu mpaka tsiku limene ndinachoka pakhomo. Chitsulo chake chikalira, amayi ankakweza wailesi."

Mwamuna wake anayang'ana lasitiki wa m'chiuno mwake.

"Zakalekale zimenezo," anatero mchimwene. "Panopa ndi nkhalamba. Dzanja lija linafa."

"Linafadi, achimwene. Koma mimba yanga uthenga wa malirowo sunaifike."

"Ndiye abale ndikawauze chiyani?"

"Kwanu kuja zipinda zilipo zingati, alamu?" anafunsa dalaivala. "Si inu amene simunafe?"

Mchimwene anatulutsa piritsi n'kulitafuna louma. Anafotokoza kuti iye akanakonda kwambiri, kungoti akamva mawu a abambo mutu umamuwawa mbali imodzi, ndipo madokotala chifukwa chake sakuchipeza. Anatsanzika mwaulemu, thalauza lija n'kulisiya pampando.

"Amayi," anatero dalaivala mlendo atapita, "mukafuna kukana, alamu ndiwaimbira foni ndine. Koma mawuwo akhale anu."

Telala anayesa kuwatchula mawuwo. "Ayi" anatuluka bwinobwino, koma "pepani" anali atatsogola kale, wina akutsatira pambuyo.

Lero ndi Lachisanu. Thalauza silinasokedwe. Lamba dalaivala anamutsekera m'bokosi la masipanala, m'basi. Chipinda chaching'ono telala wachisesa ndi kuchikolopa, koma bedi sanayale, ndipo chichokere mchimwene wake chakudya sichikukhala m'mimba. Nambala ya mchimweneyo ili poyera pafoni, foniyo ili pa makina.

Galimoto yobweretsa bambo mawa palibe waiimitsa.