Pikapu Imene Bambo Sanamalize

Chisamba anali atalowetsa kale jeke pansi pa pikapu pamene mlongo wake, Mzime, anatulukira pakhomo la galaja atavala ovololo ya bambo awo. Mipando yobwereka pamaliro inali idakali pabwalo, koma mwanayu anali atapinda kale manja a ovololoyo ngati ndi yake. Chisamba anayang'ana kumbali, mtima ukumuwawa.

Pikapuyo inali ya Wamazira, mkulu wogulitsa mazira m'misika, ndipo inali ntchito yomaliza imene bambo awo, makaniko wakalekale, anaisiya panjira. Vuto lake linali lokwiyitsa: kulira inkalira bwinobwino, n'kuyenda pang'ono, kenako n'kuyamba kutsamwa mpaka kuzima. Mayi awo, atatopa ndi achibale ofunsa kuti galaja itsala m'manja mwa ndani, anali atanena kuti kiyi wake apereka kwa amene amalize ntchitoyo. Ananena atazolika, koma Chisamba anaona maso a azakhali onse akuthamangira kwa Mzime.

Zinali choncho kwa zaka zambiri. Galimoto ikabwera ndi vuto la mafuta, bambo ankalowa pansi ndi Mzime, mitu pafupi ndi thanki, kukamvetsera pampu. Chisamba, mwana woyamba, wandevu zake, ankauzidwa kukhala pachiwongolero n'kumatembenuza kiyi. Yatsa, zimitsa, yatsanso: ntchito yoti ngakhale mlonda akanaigwira akusinza. Iye ndi amene ankasenza magiyabokosi, iye ndi amene zikhadabo zinathera m'mabawuti, koma nzeru zonse zinkanong'onedwa pansi pa galimoto, iye n'kumangoona mapazi anayi atasuzumira kunja. Nsanje imeneyi anakula nayo mpaka inamera imvi.

Chisamba anauza Wamazira, amene anakhala patayala akugwedeza mwendo, kuti pampu ya mafuta yafa, atsitsa thanki n'kuikamo ina. Mzime ananena mwaulemu kuti bambo sankatsitsa thanki asanamvetsere kaye.

"Bambo anapita," anatero Chisamba. "Ndipo ovololo si nzeru, iwe."

"Ndamva, achimwene. Koma tangonditembenuzirani kiyi."

Akanakhala mlongoyo wamutukwana zikanakhala bwino. Chisamba anafuna kukana, koma Wamazira analowerera, nati kutsutsa galu n'kukumba, iye safuna kugula pampu chifukwa cha mkangano wa pachibale. Chisamba anachotsa jeke mwaukali, nakwera pampando wake wamasiku onse.

Batire inali yodzadza, poti bambo anaisiya patchaja asanapite kuchipatala. Chisamba atatembenuza kiyi, Mzime anafuula kuchokera pansi kuti pampu ikung'ung'uza mwamphamvu. Injini inalira. Anaisiya kuti iziyenda, Wamazira akudandaula za mazira ake amene ankakalambira m'mathireyi. Patapita nthawi ndithu, Mzime anati kulira kwa pampu kwayamba kutsika, ikukhala ngati yatopa.

Chisamba anatsegula pakamwa kuti anene kuti mwaonatu, koma maso ake anagwera pa timagetsi. Munthu amene wakhala zaka akuyang'ana timagetsi ta kutsogolo kwa chiwongolero amatidziwa ngati ana ake, ndipo kamodzi kanali kasanaonekere. Anazimitsa injini, natembenuzanso kiyi pang'ono. Kagetsi ka oyilo kanayaka, tina tonse tinayaka, koma kofiira ka batire kanangoti zii. Analiza injini, nayatsa magetsi akutsogolo. Pakhoma panaoneka kuwala kofooka ngati kwa kandulo, ndipo ataponda moto sikunawonjezereke.

Pampuyo inalibe mlandu. Olitaneta, imene imadzaza batire injini ikamalira, sinkatchaja, batire inkatha galimoto ili paulendo, ndipo pampu inkafooka ndi njala ya magetsi. Chisamba anatsika, natsegula boneti, nalowetsa dzanja kuseri kwa olitaneta. Lamba anali wolimba bwino, koma kawaya kakang'ono kamene kamadzutsa olitanetayo kanali katadukira m'kati mwa chikopa chake. Anakasenda, nakalumikiza. Kagetsi kofiira kanayaka, injini italira kanazima, ndipo khoma lonse linawala. Wamazira anadzuka patayala akuseka, napita kukauza mayi awo.

Chisamba anali atapambana, koma chimwemwe chake chinali chowawa. Anaima pafupi ndi miyendo ya mlongo wake, amene anali akutuluka pansi, ndipo zimene anazisunga zaka zonsezo zinakhuthuka. Anati nzeru zonse za kunong'onezana zija zili kuti lero. Anati iye anali kapolo wa kiyi pamene ena ankapatsidwa ufumu pansi pa galimoto. Anafunsa chimene iye analakwira bambo ake.

Mzime anakhala pansi, napukuta manja paovololo.

"Achimwene, bambo sankandiphunzitsa kanthu pansi paja. Ndinkawamvera."

"Kuwamvera bwanji?"

"Makutu awo anatha kalekale. Lakumanzere linafa, lakumanja linkangomva munthu akakweza mawu. Pampu sankaimva. Ine ndinkamvetsera n'kuwauza, iwo n'kutuluka kukauza mwini galimoto."

Chisamba anati ndi bodza, koma anali atayamba kale kukumbukira mmene bambo ankayang'anitsitsira pakamwa pa munthu polankhula, ndi mmene ankamupatsira iye foni kuti ayankhe makasitomala ati chifukwa manja ali ndi girizi. Nsanje yake sinathe, inangosintha malo okhala. Anafunsa chifukwa chimene chinsinsi chotere anachipatsira mwana, osati iye woyamba kubadwa.

"Ndinawafunsa," anatero Mzime. "Anati, iwe umandiona ngati bambo ako basi, koma mkulu wakoyu akandiyang'ana amaona munthu wosalephera. Anati zimenezo ndisawalande."

Chisamba anazimitsa injini, naponya kiyi wa pikapu pamiyendo ya mlongo wake, namuuza kuti akwere atembenuze. Kenako anagona chagada n'kudzikokera pansi pa galimoto, kumalo kumene ankakulakalaka moyo wake wonse. Kunali kothina, kukununkha petulo, ndipo kunalibe ufumu uliwonse.

Pampu inayamba kung'ung'uza pamwamba pake. Maso atazolowera mdima, anaona kuti pafumbi la kunsi kwa thankiyo panali chidindo cha dzanja lalikulu, zala zisanu zotambasuka. Bambo anali atalowa pansipa okha tsiku lawo lomaliza m'galajamo, Mzime kulibe, n'kuyesa kumva pampu ndi chikhatho.

Anamva mapazi a mayi ake akulowa m'galaja, makiyi akulira m'manja mwawo.

"Ndamva kuti wamaliza ndiwe, mwanawe. Tuluka udzalandire."

Chisamba anakweza dzanja lake pang'onopang'ono, naliika m'chidindo chija. Chitsulo chinkanjenjemera pang'ono m'chikhatho mwake.

"Mpatseni Mzime asunge, amayi," anatero. "Ine dzanja langa lili pena."