Phokoso la Kukhitchini

Kwawo ankamutcha Adokotala, ngakhale pepala la udokotalalo anali asanalilandire. Chinatsala chinthu chimodzi: nyimbo yakale yotchula mabanja khumi ndi awiri amene anayamba kukwera phiri la kwawo, lililonse ndi chigwa chimene linakhazikikamo. Popanda nyimboyo buku la kafukufuku wake silikanatha, ndipo aphunzitsi ake anamupatsa mpaka Lachisanu basi.

Miyezi itatu anakwera ndi kutsika phirilo ndi kachipangizo kojambulira mawu. Nkhalamba iliyonse inkakumbukira kachidutswa, kenako n'kuyamba kudandaula za maondo. Tsopano anali mu ofesi yosungira zakale, mahedifoni m'makutu, mpando ukumutentha. Akhala, aimirira, atsegula zenera, alitsekanso. Tiyi anazizira kawiri.

Lolemba masana achimwene ake anaimba foni. Anati amayi atuluka m'chipatala, koma matenda a sitiroko awamanga lilime, akungoyang'ana ndi kugwedeza mutu. Pofuna kumuiwalitsa anamufunsa za bukulo, iye n'kudandaula za nyimbo yosowayo.

Achimwenewo anaseka pang'ono. "Si ija amayi ankaimba potsuka mbale? Yonsetu ankaidziwa. Iwe wakula ukuimva."

Anakuladi akuimva, koma ankaiyesa phokoso la kukhitchini. Ophunzirafe ndi mmene tilili: mbiri timakaifuna kwa mkulu wandevu wokhala pampando, mayi wa mbale n'kumudutsa ngati mtondo.

Anakumbuka kuti tsiku lina anajambulira mkulu wina pakhonde la kwawo, amayi ali m'nyumba. Anasaka fayilo ya zimene anajambula tsikulo, n'kukweza mawu mpaka pomaliza. Kuseri kwa kutsokomola kwa mkuluyo kunamveka mbale zikugundana, kenako mawu a amayi, apansipansi koma omveka bwino. Banja loyamba ndi chigwa chake. Banja lachiwiri. Analemba mothamanga mpaka cholembera chinaboola pepala. Banja lachitatu.

Ndiyeno anamva mpando ukukokedwa, chitseko chikutseguka, ndi mawu a iye mwini, aulemu ndithu, a munthu wodziwa ntchito yake.

"Amayi, pepani, tasiyani kaye kuimbako. Tikujambula zofunika kuno."

Mbale zinapitiriza kulira, koma nyimbo inathera pomwepo. Manyazi ndi chisoni zinamugwira pamodzi. Adokotala anabweza fayiloyo kasanu, ngati kuti ulendo wina amayi akana kusiya.